Ndisiye ntchito kuti banja langa lisathe?

Funso

Ndine mayi wa zaka 31, ndimakhala ku Chibavi mu Mzuzu ndipo ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina m'tauni muno. Ndili ndi ana awiri, wamkulu wa zaka zinayi ndi khanda la miyezi isanu. Ndinabwerera ku ntchito khandali lili ndi miyezi iwiri. Masana limatsala ndi mtsikana wantchito yemwe amabwera 7 koloko n'kuweruka 5 koloko. Ine ndimadzuka 4 koloko mbandakucha, kugona cha m'ma 11, ndipo usiku ndimadzuka katatu kuyamwitsa. Amuna anga ndi mphunzitsi. Si munthu woipa, samwa, sanandimenyepo. Koma masiku ano tikapanda kukangana ndiye kuti sitikulankhulana. Akuti ndasintha, ndalusa, sindikuwalabadira. Apongozi atabwera kuchokera ku Rumphi anati vuto ndi ntchito yangayi, ndisiye ndizilera ana. Ku ntchitoko ndayamba kuphonya masamu, ndipo masiku ena ndimadzitsekera kubafa n'kulira. Kodi ana ndi amene amasokoneza banja? Ndisiyedi ntchito?

Mayi wa ana awiri, Chibavi

Yankho

Amayi, ndisanafike pa mafunso anu awiriwa, ndaona kuti ndiwerengetse kaye maola a m'kalata yanu, popeza inunso ndinu munthu wa masamu. Kugona 11 koloko n'kudzuka 4 koloko ndi maola asanu. Tichotsepo maulendo atatu oyamwitsa, ndi nthawi imene mumakhala maso ali tuzu tulo tisanabwerere. Otsala ndi maola anayi osakwana, odukaduka, ndipo mwayenda chonchi miyezi itatu yathunthu uku mukugwira ntchito yofuna mutu wokhazikika. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7. Wina aliyense, mwamuna kaya mkazi, atamagona monga mukugonera inumu, angaphonye masamu, angaluse ndi kanthu kakang'ono, angalire kubafa. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa amayi ambiri amene amabwera kwa ine kudzafuna uphungu amalowa pakhomo atadziweruza kale. Amati ndine mkazi woipa, ndalephera umayi, chikondi chandithera. Ndikafunsitsa, kawirikawiri ndimapeza munthu wabwinobwino amene tulo anatiiwala kalekale.

Tsono yankho langa pa za ntchito ndi ili: musasiye mwezi uno. Sindikuti mayi wosiya ntchito n'kumalera ana walakwa, ndipo ndibwererako kumeneko. Ndikuti chisankho chachikulu chotere asamachipange munthu amene thupi lake likungofuna kugwa pansi. Phokoso la m'nyumba mwanu silinabwere ndi ntchito ya m'tauniyo. M'nyumbamo mwalowa ntchito yachitatu, yaikulu kuposa yanu ndi ya abambo, yopanda nthawi yoweruka, ndipo palibe tsiku limene inu awiri munakhala pansi n'kuigawana. Inangogwera inu yonse, monga zimakhalira m'makomo ambiri.

Kodi ana amasokoneza banja? Kubwera kwa mwana kumagwedezadi ukwati, ndipo si kwanu kokha. Ku Seattle, m'dziko la America, katswiri wa zamaganizo John Gottman ndi anzake anatsatira mabanja kuyambira atangokwatirana mpaka atabereka, ndipo anapeza kuti mwa amayi atatu alionse, awiri ankaona kuti kukoma kwa banja kwatsika mwana woyamba atabadwa. Chimene chimandigwira mtima ine pa kafukufukuyu ndi mayi wachitatu uja, amene banja lake silinazirale. Nayenso anali ndi khanda lolira usiku. Kusiyana kwake kunali makamaka pa mwamuna: ankaonetsa chikondi kwa mkazi wake, ndipo ankadziwa zimene mkaziyo akukumana nazo tsiku ndi tsiku. Seattle ndi kutali ndi Chibavi, koma zimene ndimamva m'chipinda changa cha uphungu ndi zomwezo. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linawerengetsa mu 2018 kuti pa maola onse a ntchito zosalipidwa za pakhomo ndi zosamalira anthu, magawo atatu mwa anayi amagwira ndi akazi. Mwana akabwera amangoonjezera katundu pamutu umene unali utasenza kale.

Mawu a apongozi anu ndikuwadziwa, ndi amene amatsatira pambuyo pake ndawamvanso kwa azipongozi ambiri: ife tinalera ana asanu ndi awiri, sitinkalira kubafa. Sanama ayi. Koma tikumbukire mmene ankalerera. Mayi akachira ankakhala m'chikuta, ena akumuphikira, kumutungira madzi, kumuthowa ndi madzi otentha. Akatuluka, pamudzi panali agogo, azakhali, azilamu, ndi atsikana a msinkhu wobereka mwana kumbuyo. Khanda linkayenda m'manja mwa anthu khumi dzuwa lisanalowe. Ndipo amayi amenewo ankagwira ntchito, yowawa zedi: kulima, kupalira, kusinja, kutola nkhuni. Mkazi wa ku Malawi sanakhalepo manja lende. Kungoti munda umalola mwana kumsana, akalira umakhala pamzere n'kumuyamwitsa. Ofesi silola zimenezo. Inu mukugwira ntchito ngati mmene ankagwirira apongozi anuwo, koma mudzi wokulandirani mwana mulibe.

Mzinda wathu uno ngwa anthu obwera. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000 mu Mzuzu, ndipo ambiri mwa ife ogwira ntchito tinasiya amayi athu ku Karonga, ku Chitipa, ku Mzimba, ku Nkhata Bay, ena ku Ntcheu kapena ku Thyolo. Onjezerani nyengo yathuyi. Amene sanakhalepo kuno sangamvetse za kuchapa matewera mu June, kuwayanika pa chingwe m'mawa, madzulo n'kuwapeza akadali chinyowere ndi kamvula kowaza kaja, kenako kumawaumitsa pa mbaula usiku uku mukuwodzera. Magetsi akazima ndiye kuti madzi osamba a anthu anayi ayamba ndi kukoleza makala kunja kukadali mdima, zala zitauma ndi chisanu. Mpopi ukauma masana, wina ayenera kukumbukira kudzaza zidebe usiku madzi akabwera. Ndiyo 4 koloko yanu ija. Sindikufunsani n'komwe kuti amakumbukira zidebezo ndani.

Kukumbukira kumeneku ndiyo ntchito imene amuna ambiri saiona, ndipo imatopetsa kuposa kuchapa. Ufa utha Lachitatu. Sikelo ndi sabata yamawa ndipo pali katemera. Wamkulu nsapato zamuthina, kusukulu ya mkaka akufuna ndalama ya phala. Mtsikana wapempha kupita kumaliro. Sopo watsala kachidutswa. Mutu wa mayi umakhala ngati msika wa Taifa tsiku Loweruka, ngakhale mwini wake atakhala phee pa desiki pamaso pa abwana. Manambala a kampani akulimbirana malo ndi zonsezi, ndiye n'zodabwitsa kuti ena akugwera pansi?

Pali kanthu kamene ndimachititsa mabanja akabwera kwa ine. Ndimapatsa aliyense pepala ndi cholembera, n'kuwauza kuti alembe zonse zimene anachita pakhomo dzulo lake, kuyambira podzuka mpaka pogona, kuphatikizapo zimene anangozikumbukira kapena kutuma wina kuti achite. Sindiiwala bambo wina, munthu waulemu wake, amene anamaliza m'mphindi ziwiri. Analemba mizere inayi: kugula mayunitsi a magetsi, kusiya ndalama ya ndiwo, kutseka geti, kunyamula mwana pamene mayi ake ankapakula. Anaika cholembera pansi n'kumadikira. Mkazi wake anadzaza tsamba, n'kulitembenuza, n'kupitiriza. Atasinthana mapepala, bamboyo anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere uliwonse ngati mwana wa Sitandade 2. Atafika pa mzere wakuti "kudzuka 1 koloko, kudzukanso 3 koloko" anadzutsa mutu nati, "Ine ndimayesa mwanayu anayamba kugona usiku wonse." Sankanama. Mkaziyo ankadzuka mwakachetechete dala kuti asawasokoneze tulo, kenako n'kumawakwiyira m'mawa chifukwa chosadziwa chinthu chimene iye mwini ankawabisira.

Chitani zomwezi kwanu. Pepala silikalipa, silikumbutsa milandu ya chaka chatha, ndipo mphunzitsi amakhulupirira zolembedwa.

Amuna anu akamati mwasintha, simukuwalabadira, mvetserani chimene chili kuseri kwa mawuwo. Nthawi zambiri amakhala munthu amene akusowa mkazi wake ndipo sakudziwa kanenedwe kake. Anali ndi mnzake wocheza naye, lero ali ndi munthu wongodutsa ndi beseni. Nawonso ali ndi nkhawa zawo: lendi, fizi, makolo kumudzi, malipiro otha mwezi usanafike pakati. Palinso mantha a kusekedwa. Mwamuna woyanika matewera pa chingwe, pa mdadada wa nyumba za lendi, amadziwa kuti pali maso, ndipo mawa wina anena kuti uja anamudyetsa khuzumule. Musawachepse mantha amenewa, amamanga manja amuna abwino ambiri. Koma ndawaona akusungunuka msanga, makamaka tsiku limene bambo aona mwana akuthamangira kwa iye poyamba akagwa n'kudzipweteka.

Nkhani yotereyi imaonongeka kapena kukoma pa kayambidwe. Musaiyambe 10 koloko usiku khanda likulira, kapena m'mawa wina akusaka tayi. Sankhani Lamulungu masana, mutadya, ana atagona kapena ali kwa aneba. Musayambe ndi "inu simu…", chifukwa mawu amenewo akangotuluka munthu amasiya kumva n'kuyamba kusaka chodzitchinjirizira. Yambani ndi za inu mwini: "Bambo a uje, mukunena zoona kuti ndasintha. Nanenso ndikudziona. Ndikugona maola anayi, ndayamba kulakwitsa ku ntchito, ndipo ndikukusowani. Tiyeni tione limodzi chochita." Pamenepo mwavomera zimene iwo akuona, mwawauza zimene sakuziona, ndipo simunawaimbe mlandu. Mwamuna amene mwamufotokoza m'kalata yanu, wosamwa, wosamenya, wodandaula kuti mkazi wake wamutalikira, ndi mwamuna amene nkhani yotere ingamulowe.

Mukafika pogawana, pewani mawu akuti kuthandiza. Mwamuna akamati ndimamuthandiza mkazi wanga, ndiye kuti ntchito ndi ya mkazi, iye ndi mlendo wachifundo amene angaleke tsiku lililonse. Wothandiza amadikira kuuzidwa, ndipo kuuza munthu wamkulu chochita tsiku ndi tsiku ndi ntchito inanso. Chimene chimapepuza mayi ndi chakuti bambo atenge ntchito ina yonse, ndi mutu wake womwe. Mwachitsanzo, mwana wamkulu m'mawa akhale wa bambo ake: kumudzutsa, kumusambitsa, kumuveka, kuona ngati yunifolomu inachapidwa, kumulongedzera chakudya, kumuperekeza kusukulu, kudziwa tsiku lolipira fizi. Inu musafunsidwenso kuti masokosi ali kuti. Madzi, makala ndi moto wa m'mawa zikhale zawo. Msika wa Loweruka ukhale wawo, kuyambira pa kuyang'ana chimene chatha m'nyumba. Ntchito ziwiri kapena zitatu zotengedwa zathunthu chonchi zingakubwezereni ola lonse m'mawa, kuposa kuthandizidwa kakhumi apa ndi apo.

Apa ndili nanu mawu inunso, amayi. Mukapereka ntchito, ichotseni m'manja ndi m'maso momwe. Mwana adzapita kusukulu tsitsi losapesa bwino, malaya atapisidwa mbali imodzi. Tomato adzagulidwa wodula. Musakonze, musaseke, musaitane aneba kuti adzaone zimene achita bambo ake. Amuna ambiri andiuzapo kuti anayesa kusambitsa khanda kamodzi, n'kuuzidwa kuti "bweretsani kuno, mumupha mwanayo", ndipo sanayesenso. Inunso simunabadwe mukudziwa kumanga thewera. Munaphunzira polakwitsa, popanda wina kukuimirirani kumsana.

Ntchito yoyamba kugawana, yomwenso ilibe woonerera kapena woseka, ndi usiku. Thupi limayamba kubwerera m'chimake munthu akapeza maola anayi kapena asanu otsatizana, ndiye cholinga chikhale chimenecho. Yamwitsani cha m'ma 8 koloko, finyani mkaka wina, perekani khanda kwa bambo ake, kagoneni, ngakhale mbale zili mbwee. Likadzuka pakati pa usiku pasanafike, iwo alimwetse mkaka uja ndi kakapu koyera, alisinthe, aligoneke. Kuyambira pamenepo mpaka kucha ndi gawo lanu, iwo agone. Masiku oyamba khanda lidzakana kapu, lidzalira, ndipo mtima wanu udzafuna kudzuka. Apatseni mpata awiriwo azolowerane. Mkaka wofinya umakhala bwino maola anayi m'chiwiya chotsukidwa bwino ndi chovundikira, choikidwa pamalo pozizira, ndipo mu firiji umatha masiku angapo ngati magetsi sanazime nthawi yaitali. Anamwino a kusikelo angakuonetseni kafinyidwe ndi kamwetsedwe. Bungwe la zaumoyo la WHO limalangiza bere lokha mpaka miyezi 6, ndiye mwatsala ndi mwezi umodzi kuti muyambe phala. Koma musadalire kuti phala lidzathetsa kudzuka usiku, ana ambiri amapitirizabe.

Kenako yang'anani pa pepala lanu lija zimene zingalekedwe popanda wina kudwala. Kukolopa tsiku lililonse. Kuphika ndiwo zatsopano madzulo alionse nyemba za dzulo zilipo. Kusita chilichonse mpaka zogonera. Zovala za khanda zoyanikidwa panja zisitidwe ndithu chifukwa cha mphutsi, koma simbi sisankha dzanja. Makomiti a maukwati ndi maudindo ena a kumpingo, chaka chino nenani kuti ndili ndi khanda, ndidzabwerera. Amene analerapo adzamva.

Mtsikana wantchito muli naye, koma amaweruka pa nthawi imene ntchito yeniyeni ikuyamba. Kambiranani naye ngati angamasiye ndiwo za madzulo zitapsa ndi madzi atatungidwa, kapena angamalawirire masiku ena, ndipo mukamuonjezera ntchito muonjezerenso malipiro. Nayenso ndi munthu, mwina ndi mayi amene wasiya wake mwana kwa aneba kuti adzalere wanu. Mulipireni pa nthawi yake, mpatseni tsiku lopuma, adzakhalitsa. Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musatenge kamtsikana ka kumudzi ka msinkhu wa sukulu kuti kadzakupepuzeni. Ndi njira imene achibale amafulumira kuitchula, koma mapeto ake mumapulumutsa ntchito yanu podula sukulu ya mwana wa mnzanu.

Ku ntchito kwanuko muli ndi ufulu umene mwina simukuugwiritsa ntchito. Lamulo la Employment Act la 2000 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, ndi malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha pakati. Tchuthicho munatenga. Koma lamuloli linakonzedwanso mu 2021, ndipo tsopano mayi woyamwitsa ali ndi ufulu wa mphindi 30, kawiri pa tsiku, m'kati mwa nthawi ya ntchito, kwa miyezi yosachepera 6 mwana chibadwire. Bambo nayenso ali ndi tchuthi cholipidwa cha masabata awiri mwana akabadwa, kamodzi pa zaka zitatu, chimene amuna ambiri sachidziwa kapena amachita manyazi kuchipempha. Kuchokera m'tauni kufika ku Chibavi pa kabaza si patali. Lembani kalata kwa abwana, mwaulemu, yopempha kuti mphindi zimenezi aziphatikize ndi nthawi ya nkhomaliro, kapena kuti muziweruka ola limodzi msanga, ndipo mupemphe kuti zipitirire kwa miyezi ingapo. Mawu a pakamwa amaiwalika, kalata imakhala m'faelo. Akakukanizani chimene lamulo lakupatsani, ofesi ya boma ya zantchito ilipo mu Mzuzu, ndipo khoti la milandu ya zantchito, Industrial Relations Court, lili ndi nthambi muno. Za kuphonya masamu, musadikire kuti akutulukireni. Auzeni nokha, pemphani kuti kwa miyezi iwiri wina azionanso ntchito yanu ya kumapeto kwa mwezi, ndipo zofuna kusamala kwambiri muzizigwira m'mawa mutu usanaleme.

Tsopano masamu a kusiya ntchito. Katswiri wa zachuma Claudia Goldin, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2023, anaonetsa kuti m'maiko olemera kusiyana kwa malipiro pakati pa amuna ndi akazi a ntchito zofanana kumakula makamaka mwana woyamba akabadwa. Mayi amatsalira pa zaka zochepa zija, ndipo mpatawo sutsekeka msanga. Kuno kwathu nkhani ndi yolimba koposa, chifukwa mukudziwa nokha kuchuluka kwa achinyamata a madigiri amene akudikira mpando ngati wanuwo. Kutuluka ndi kalata imodzi, kubwerera kungatenge zaka. Mukasiya, simutaya malipiro okha. Penshoni yanu imaima kukula, imene pa lamulo abwana amaikako 10 peresenti ya malipiro anu, inu n'kuikako 5. Khalani pansi muwerengetse ngati malipiro a mphunzitsi mmodzi angakwanire lendi, chakudya, fizi, mankhwala ndi kuthandiza makolo mbali zonse ziwiri. Ndaona mabanja amene mayi anasiya ntchito kuti mikangano ithe, patangotha miyezi ingapo n'kubweranso akukangana za ndalama ya sopo, mayi akupempha ngakhale ya mayunitsi a foni. Khandali silikhala khanda mpaka kale. Zaka ziwiri zikubwerazi ndizo zolemera.

Ngati mutagona bwino miyezi itatu, ntchito zitagawidwa, mtima wanu n'kumanenabe kuti ndikufuna kukhala pakhomo ndi ana anga, chimenecho ndi chisankho cholemekezeka, bola chikhale chanu. Mugwirizane kaye za ndalama imene izikhala m'manja mwanu osachita kupempha. Lamulo la maukwati la 2015 limawerengera kulera ana ndi ntchito za pakhomo ngati gawo limene munthu wasonkha m'banja, choncho wokhala pakhomo asadzione ngati wongodyetsedwa. Ndipo ngati chikukukokani ndi chikumbumtima chakuti ana akuzunzika chifukwa mumachoka, khazikani mtima pansi. Mwana amafuna womusamala wachikondi masana, ndi mayi amene akabwera ali ndi kamphamvu kotsala komunyamulira. Wamkuluyo, mphindi khumi za inu awiri nokha, foni ili kutali, zimamufika pamtima kuposa madzulo onse a mayi wokalipa.

Za apongozi, musawayankhe inu. Kuno kumpoto, kumene mkazi amalowoledwa n'kukhala wa kwa mwamuna, mawu a mkamwana otsutsa apongozi amamveka mwano ngakhale atakhala oona. Mawu omwewo akachokera kwa mwana wawo amamveka nzeru. Amuna anu ndiwo auze amayi awo kuti za ntchito tinagwirizana tokha awiri, ndipo ngati kumudzi mumatumiza ya feteleza, adziwe kuti imachokera m'matumba awiri. Apongoziwo anaona mwafooka, n'kutchula mankhwala amene iwo akuwadziwa. Mukhoza kuwapempha mankhwala ena: abwere adzakhale milungu iwiri kapena itatu, adzakulandireni mdzukulu wawo. Mukafuna ankhoswe, sankhani amene amamva mbali zonse ziwiri, osati amene amangofikira kuuza mkazi kuti banja ndi kupirira pamene wopirira ali mmodzi.

Simunatchule za kuchipinda, koma mawu akuti sakundilabadira kawirikawiri amafika kumeneko, ndiye ndinenepo. Mayi woyamwitsa chilakolako chimatsika chifukwa cha kusintha kwa mahomoni, ena amamva kuuma ndi kupweteka, ndipo munthu amene ana akhala akumukoka ndi kumukwera madzulo onse, usiku amangofuna thupi lake likhale lakelake. Zimabwerera. Auzeni amuna anu zimenezi momveka, chifukwa mukangotembenukira kukhoma iwo amamasulira kuti mwawakana. Palinso mantha a pakati pena. Kuyamwitsa kumateteza pokhapokha mwana asanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndiponso msambo usanabwerere. Inu mumachoka tsiku lonse ndipo miyezi 6 yayandikira, ndiye musadalirenso bere. WHO imalangiza kudikira zaka ziwiri musanatenge pakati pena, ndipo kumbukirani kuti tchuthi cholipidwa chija ndi cha kamodzi pa zaka zitatu. Pitani nonse awiri kuchipatala cha Mapale kapena ku Banja La Mtsogolo mukasankhe njira yolera yoyenera mayi woyamwitsa.

Ndasungira kumapeto chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri, kulira kubafa kuja. Mwina ndi kutopa chabe. Koma pali matenda a maganizo amene amagwira amayi akabereka, ndipo WHO imati m'maiko ngati lathu amakhudza pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu. Kulira ndi kusakhazikika kwa masiku oyambirira mwana atangobadwa kumatha pasanathe milungu iwiri. Zimene zikupitirira mpaka miyezi isanu ziyenera kuonedwa. Dzifunseni: kodi kwa milungu iwiri kapena kuposerapo mwakhala wachisoni pafupifupi tsiku lililonse? Zimene zinkakusangalatsani zasiya kukoma? Khanda likagona, mpata ulipo, tulo timakanabe? Chakudya sichikulowa? Mumadziona wopanda pake, kapena mumamva ngati mwanayu ngwa munthu wina? Ngati mayankho angapo ndi inde, musadikire kuti muone kaye ngati kugawana ntchito kuthandize. Ife a mu Mzuzu tili ndi mwayi waukulu: a St John of God ku Katoto ali ndi aphungu ndi madokotala a zamaganizo, ndipo ku Mzuzu Central Hospital mungathandizidwenso. Ngakhale namwino wa kusikelo, mukamaliza kukweza mwana, muuzeni kuti mayi akenso sakupeza bwino. Pemphani akuyezeni magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi kumabweretsa kufooka kofanana ndi kumeneku. Matendawa amachizika, ndi uphungu, nthawi zina ndi mankhwala amene woyamwitsa angathe kumwa. Si ufiti, si kuchepa kwa chikhulupiriro, ndipo kupemphera ndi kupita kuchipatala sizilimbana. Ngati linakubwereranipo ganizo lodzivulaza kapena lovulaza mwana, ngakhale kamodzi kokha, uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo mupite kuchipatala lero lomwe.

Kwa amayi ena amene akuwerenga: zonse ndanenazi ndi za banja lotopa. Ngati kwanu kuli kumenyedwa, kulandidwa malipiro kapena kuopsezedwa kuti musiye ntchito, imeneyo ndi nkhanza. Lamulo la 2006 loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lilipo chifukwa cha inu, ndipo poyambira ndi ku Victim Support Unit ya kupolisi.

Inu amayi a ku Chibavi, musayambe zonsezi tsiku limodzi. Lamulungu likubwerali kambiranani, mapepala awiri ali patebulo. Usiku womwewo mugone 8 koloko. Lolemba kalata ipite kwa abwana. Ndipo madzulo ena, khanda lili kumsana, wamkulu ali pa dzanja la bambo ake, tulukani mukagule chimanga chowotcha pamsewu, muyende pang'onopang'ono, mukambe nkhani ina iliyonse kupatula ya matewera ndi ndalama. Pakatha milungu itatu mundilembere, ndipo mzere woyamba wa kalatayo undiuze maola amene mukugona.